Nsapato za Saizi Eyiti

Achimwene, inu mwavala zobiriwiranu, tamasulani kaye zingwe zimenezo. Mukumanga nsapato kapena mukumanga mbuzi? Khalani apa pabenchi. A Kochi sanafike, ndipo akafika ayamba ndi kukalipira aja asiya njinga pakhomo, ndiye nthawi ilipo. Ine sindine wolankhulalankhula, afunseni awa, koma ndikaona munthu akukoka zingwe mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, mtima umandiuza kuti ndikakhala chete tchimo likhala langa.

Kuno amanditchula a Tepi. Ndinagwira ntchito yoyeza malo mpaka kupuma, ndipo tepi yoyezera ndimayendabe nayo m'thumba monga ena amayendera ndi chipeso. Minda, mapuloti, misewu, zonse ndinayeza. Abale akakangana za malire ndinkafika ine ndi tepi yanga, mkangano n'kutha, nthawi zina n'kukula, koma manambala anga sankanama. Chinthu chimodzi chokha sindinachiyezepo, ndipo chinali pansi pangapa tsiku ndi tsiku.

Mayi a kunyumba kwanga anatisiya chaka chatha. Za zimenezo sindinena zambiri. Ndingonena kuti nsapato zanga zonse ankagula ndi iwo. Chikwatiraneni ine m'sitolo ya nsapato ndinali ndisanalowemo. Zakale zikayamba kuseka kutsogolo, ndinkangodzuka n'kupeza zatsopano pansi pa bedi, zopolishidwa kale, ngati zamera zokha.

Ndiye pali kankhani kena kamene muyenera kudziwa. Tsiku limene tinakumana, paphwando la ukwati wa mnzanga, ndinavina nawo nthawi yaitali osawaponda ngakhale kamodzi. Iwo anayang'ana pansi, nati, "Muli ndi mapazi aulemu. Mumavala saizi yanji?"

"Eyiti," ndinatero.

"Eyiti ndi saizi ya munthu wosaponda anzake."

Inu, tamverani. Mwamuna akauzidwa mawu otero ali mnyamata, amawasunga kuposa satifiketi. Tsitsi linatha, mimba inabwera, maso anayamba kufuna magalasi, koma ine ndinatsala munthu wa eyiti.

Tsono tili ndi mwana mmodzi, wamkazi, amagwira ntchito kubanki. Loweruka lina anabwera kudzandiona, natsegula furiji. Anapezamo theka la anyezi ndi mabatire a tochi. Anatseka pang'onopang'ono, monga amatsekera chitseko cha wodwala.

"Adadi, simungapitirize kukhala nokha muno. Chipinda chakumbuyo kwathu takonza kale. Penti tapaka, makatani taika."

Munthu wina akanayankha bwino. Akanati, mwana wanga, muno muli mpando umene sindikhalapo, muli kapu imene sinditsukira pamodzi ndi zinzake, ndipo ndikachoka sindikudziwa kuti zimenezi ndikazifotokoza bwanji kwa eni nyumba atsopano. Koma ine pakamwa panga sipatuluka mawu aakulu choncho. Maso anga anagwera pa nyuzi imene inali patebulo, pamene panali chithunzi cha anthu akumwetulira atapachika mamendulo m'khosi.

"Sindingasamuke panopa," ndinatero. "Ndikukonzekera mpikisano."

"Mpikisano wanji?"

"Uwu."

Magalasi anali kuchipinda. Ine ndinkayesa ndi ndawala ya anthu achikulire, aja amayenda akucheza n'kukalandira malaya. Mwana anatola nyuziyo, nawerenga mokweza, mawu amodziamodzi, ngati woweruza. Kusambira. Kupalasa njinga. Kuthamanga. Zonse tsiku limodzi, motsatizana, popanda kukhala pansi.

Ndinatsala pang'ono kufunsa kuti, munthu yemweyo? Koma ndinangogwedeza mutu ngati ndine amene ndinalemba malamulowo.

"Chabwino, tipangane," anatero. "Mukamaliza mpikisano umenewu ndi miyendo yanu, nkhani ya chipinda ndiisiya. Mukagwa, mukulongedza."

Mwana wa kubanki akati tipangane, abale, fufuzani pamene pabisala chiwongoladzanja. Ndinavomera. Umu ndi mmene ndinafikira pabenchi ino.

Kusambira sikunandivute, ndinaphunzira ndili wamng'ono ndipo madzi saiwala munthu. Njinga ndinapalasa moyo wanga wonse ndi zikhomo za malire pakaliyala. Chotsala chinali kuthamanga, ndipo a Kochi, mayi aja amayenda ndi wenzulo m'khosi ngati anabadwa nayo, atayang'ana nsapato zanga za kuofesi anati, "A Tepi, kuno si kumsonkhano. Kaguleni zothamangira."

Ndinalowa m'sitolo ndekha, koyamba. Fungo la mphira ponseponse, nsapato zokhazokha mpaka kudenga, zamitundu ngati maswiti. Mayi wogulitsa anali pafoni. Anakankha ndi phazi kachitsulo koyezera mapazi, nati, "Vulani tikuyezeni."

Apa m'pamene ndinakumbukira sokosi. Yakumanzere inali ndi chibowo, ndipo chala chachikulu chinkasuzumira panja ngati kamba amene wamva kuti adani apita. Wosoka masokosi m'nyumba mwathu mwamudziwa kale. Ine, munthu wa digiri, ndionetse chala pagulu?

"Palibe chifukwa, mayi. Ndimavala eyiti."

Mayiyo anayang'ana mapazi anga, nayang'ana foni yake. Foni inapambana. Anabweretsa eyiti, ine n'kutembenukira kukhoma kuti ndivale mobisa. Phazi linalowa monga amalowera munthu womaliza m'basi yodzaza: chammbali, atatulutsa mpweya wonse, ndiponso mochita kukankhidwa.

"Zakukwanani?"

"Bwino kwambiri."

"Zimatanuka," anatero, osadzutsa mutu.

Amenewa ndiwo matenda anga enieni, achimwene. Munthu akandifunsa kuti muli bwanji, pakamwa pamayankha pokha mutu usanafunsidwe. Mungandipeze galimoto itandigwera, ndidzati ndili bwino, kaya inu.

M'mawa mwake ndinatuluka kukathamanga. Poyamba zala zinkangodandaula. Nditadutsa pa sukulu ija zinayamba kunyerenyetsa ngati mwalowa nyerere. Pofika pamphambano zinakhala chete. Dzanzi. Linayambira kuchala chaching'ono, n'kuyenda mwaulemu chala ndi chala, mpaka phazi lonse lakumanzere linatsanzika, lakumanja n'kuliperekeza. Ndinkaona ndi maso kuti mapazi alipo, akuponda, koma zinali ngati ndabwereka a munthu wina ndipo mwini wake sanandiuze kagwiritsidwe kake. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi. Ine ndinasiya onse awiri.

Ndinaima m'mbali mwa msewu, pafupi ndi udzu, n'kuyamba kupondaponda pansi mwamphamvu kuti magazi adzuke. Di! Di! Di! Mlonda wa pageti ina anandiona.

"Njoka!" anakuwa. "Madala apeza njoka!"

Kuphethira kamodzi, anthu anali atadzaza. Wina ndi khasu, wina ndi mpini wa tsache, wokonza njinga anabwera ndi pampu.

"Yalowera kuti, bambo?"

Tsono taganizani. Anthu asiya ntchito zawo, athamanga kudzakupulumutsa, iwe n'kuwauza kuti pepani, ndimadzutsa phazi? Ndinaloza paudzu.

Anaupuntha udzu umene uja mpaka fumbi. Wina anati waiona mchira. Wina anati ndi yakuda, yaitali ngati lamba wa chigayo. Mayi wina anandipatsa madzi, nati ndine wolimba mtima, amuna a masiku ano akanathawa. Ndinathokoza, n'kuchoka mwakachetechete ndikuyenda ngati dokowe. Mpaka lero ana sadutsa pamenepo.

Musandiyang'ane choncho, ndikudziwa chimene mukufuna kufunsa. Kodi simunaganize kuti vuto ndi nsapato? Ndinaganiza. Ndine munthu wa sukulu. Nditafika kunyumba ndinaika yatsopano patebulo, pambali pake ya kuofesi, n'kutulutsa tepi. Kuchokera kuchidendene mpaka kutsogolo, kutalika kunali kofanana ndendende. Zakale ndi eyiti ndipo zimandikwana. Zatsopano ndi eyiti ndipo n'zofanana nazo. Choncho nsapato zilibe mlandu, wolakwa ndi phazi. Ndinagona wokhutira ndi masamu anga. Sizinandifikire m'mutu kuti nsapato yothamangira ili ngati nyumba ya makoma ochindikala, kunja bwalo lonse, m'kati kachipinda ka nkhuku. Ine amene ndinkalangiza anthu kuti pogula nyumba aziyeza m'kati!

Mutu umodzi susenza denga, ndiye ndinawauza anzanga a pano, mongodutsa, kuti phazi limachita ngati lagona pang'ono. Kumeneko ndiye kunali kuitana mvula.

A Kochi anati, "Phazi likusewera m'nsapato. Mangani zolimba." Anagwada okha n'kukoka zingwe monga mumachitira inu muja. Maso anga anaona nyenyezi masana.

"Bwanji pamenepo?"

"Bwino kwambiri."

Wa Matayala, uyo akupopa njinga apoyo, amene amagulitsa matayala ndipo amakhulupirira kuti vuto lililonse padziko limatha ndi mphira, anati, "A Tepi, mapazi anu akusowa kushoni." Anandidulira zidutswa za chubu zoyala m'kati, nawonjeza kuti ndizivala masokosi awiriawiri. M'nyumba yopanda malo tinalowetsamo alendo ena. Dzanzi limene linkayamba pamphambano linayamba kundipeza ndisanatseke geti.

Kenaka yemweyo anabwera ndi kabotolo ka mankhwala opaka, aja otentha, a anthu ampira. "Pang'ono pokha," anatero. "Awa amadzutsa ndi mwala womwe."

Linali Lamulungu, ndipo mwana wanga ankadzanditenga pompano kuti tikadye kwawo. Titamaliza kuthamanga ndinalowa m'chipinda chosinthira, ndinavula, ndinapaka pang'ono monga anandiuzira. Sindinamve kanthu. Ndinawonjeza. Zii. Ndinati mankhwala a masiku ano ndi madzi okhaokha, ndinakhuthula theka la botolo, kupaka mpaka pakati pa zala, n'kuvala masokosi ndi nsapato zanga za kuofesi. Hutala inalira panja.

M'galimoto ndinamva kafungo kabwino ndi kutenthera pang'ono, ndinati eya, zikugwira. Titakhala patebulo, apongozi anga, mwamuna wa mwanayu, munthu wofatsa ngati ine ndemwe, anapempherera chakudya. Pa "ameni" magazi anabwerera kumapazi, ndipo anapeza nyumba ikuyaka.

Abale inu, moto ndimaudziwa. Ndinagwirapo chitsulo cha malire chimene chakhala padzuwa tsiku lonse. Koma uwu unali wina. Unali ngati wina wandiveka mbaula ziwiri n'kumanga zingwe. Ndinangouma gwa pampando, manja pamaondo, nkhope ngati ya pachiphaso. Thukuta linayamba. Ndiye nthawi yomweyo mwana wanga anabwera ndi mbale ya supu, yamaluwa abuluu m'mphepete, naiika patsogolo panga.

"Mwaikumbukira, adadi? Inali ya amayi."

Misozi inangoti yoyoyo.

Pamaliro paja ine sindinalire. Anthu ananena, ndinamva. Tsono mwana ataona madzi akutsika m'masaya mwa bambo ake, anasiya chikombe, anazungulira tebulo, nandikumbatira m'khosi.

"Lirani, adadi. Lirani ndithu. Ndakhala ndikudikira."

Nayenso anayamba. Apongozi anaimirira, nati akukaona matayala a galimoto, amene analibe vuto lililonse. Ine ndikanatani? Ndinene kuti mwana wanga, pepa, ndi mankhwala a Wa Matayala? Ndinagwira dzanja lake. Moto wa kumapazi unazima patapita kanthawi. Misozi ija sinauzidwe kuti moto wazima. Tiyeni tipitirire.

Choipa chake n'chakuti pondiperekeza anati, "Mwaona? Mukakhala nokha kuja mumalira ndi ndani?" Ndiye kuti ndinapsa mapazi n'kuwonjezeranso mfundo kumbali yake.

Linafika tsiku loyeserera, limene timachita zonse zitatu monga pa mpikisano weniweni, achibale akuonerera. Mwana wanga anabwera, anaima pafupi ndi tebulo la madzi akumwa atapinda manja ngati wadzawerengera katundu.

M'madzi ndinatuluka bwinobwino, wosakhala woyamba, wosakhalanso womaliza. Ndinavala nsapato zanga, chubu, masokosi awiri, zingwe za a Kochi, n'kukwera njinga. Pomaliza kupalasa, kuyambira m'maondo kutsika kunali mbiri chabe. Nditatsika, pansi panalibe. Ndinaimika njinga pamodzi ndi zinzake, ndinadutsa pakati pa matawulo ndi zipewa zimene anthu anataya pothamangira, n'kuyamba kuthamanga mwachikhulupiriro.

Posakhalitsa ndinamva kumbuyo: go, go, go.

Wina akundilondola. A Kochi anatiphunzitsa kuti wothamanga sacheuka, ukacheuka wampatsa mphamvu mdani. Ndinawonjeza liwiro. Go-go-go-go. Nayenso wawonjeza. Ndinati munthu ameneyu ndani, wopanda ulemu, wofuna kuchititsa manyazi nkhalamba pamaso pa mwana wake? Anthu anayamba kukuwa.

"A Tepi! Kumbuyo! Kumbuyoko!"

Ndinati ndamva, abale, ndikumudziwa, sandipitirira. Ndinathamanga tsiku limenelo monga sindinathamangepo chibadwire. Ndinadutsa mphunzitsi wina, ndinadutsa mayi wa kufamase, ndinakweza ndi dzanja lomwe kupereka moni kwa ondichemerera. Mdani ali pachidendene, osatopa, osapuma n'komwe.

Chinali chipewa cha njinga cha Wa Matayala. Lamba wake anakola phazi langa pamene ndinkadutsa paja, ndipo ine, wopanda phazi, ndinachikoka bwalo lonse. Ndinadziwa zimenezi pamene chipewacho chinakola mwendo wa tebulo la madzi. Chipewa chinaima. Tebulo linanditsatira. Ndinagona chafufumimba, makapu akundigwera pamsana imodziimodzi, ndipo nditatsegula maso ndinaona nsapato ziwiri zakuda zazitali zidendene, zimene ndinazidziwa.

"Mwapweteka, adadi?"

"Ndili bwino."

"Simunamve kuti mwakola chinthu?"

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Wa Matayala ndiye anayankha, akupukuta chipewa chake, "Iwowa mapazi awo samva kanthu, mayi. Ndi kale anayamba."

Mawa lake tinali kwa dokotala. Ndinavala bwino, jekete, tayi, nsapato za kuofesi. Anandiyeza shuga, anandiyeza magazi, anandigogoda maondo ndi kanyundo, anandibaya zala ndi kasingano ndipo ndinamva kalikonse, mpaka ndinapepesa chifukwa chodzidzimuka. Anafunsa ngati nsapato zimandithina, nadina kutsogolo kwa imene ndinavula. Malo ambirimbiri.

"Bambo awa ali bwino kuposa ine," anatero dokotala.

Ndinayang'ana mwana wanga mwachipambano. Iye sanamwetulire.

"Matenda osaoneka ndiye oopsa. Munagwa, adadi. Loweruka tikubwera ndi makatoni."

Anabweradi, ndipo anabwera ndi mayi ake aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, mlamu wanga. Ameneyo ndi munthu amene Mulungu anamupatsa mawu onse amene anandimana ine. Analowa akulankhula kale.

"Alamu, ndamva mwayamba kupikisana ndi zipewa. Ndiye anapambana ndani?"

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Ndaswera bwino kuposa tebulo lija."

Ndinakhala pampando wanga pabalaza, ndikumva tepi yomatira makatoni ikulira kuchipinda. Mabuku analowa. Malaya analowa. Ndinayang'ana mpando winawo, ndinayang'ana kukhoma. Pangano ndi pangano. Kenaka kuchipinda kunati zii, ndipo mlamu wanga akakhala chete ndiye kuti kwagwa chinthu.

Anatulukira atanyamula nsapato yothamangira ndi zala ziwiri, ngati khoswe wakufa.

"Alamu, mwayamba kusunga mwana wasukulu muno?"

"Ndi zanga."

Anapinda lilime la nsapatoyo, nawerenga. Anandiyang'ana kumapazi. Anawerenganso.

"Eyiti?"

"Ndimavala eyiti."

Anayamba ndi mapewa. Kenaka anagwira chitseko. Kenaka anakhala pansi penipeni, mayi wamkulu woti ali ndi zidzukulu kale, miyendo tambalale, akuseka mpaka mpweya kumuthera, akumenya simenti ndi nsapato yanga. Mwana wanga anatuluka akuthamanga.

"Mayi aang'ono, n'chiyani?"

"Bambo akowa! Mayo ine, nthiti zanga! Alamu, inu eyiti munasiyana nayo mwana uyu asanayambe sukulu!"

"Sizingatheke. Nsapato zanga zonse ndi eyiti."

"Anakuuzani ndani? Iwe, tabweretsa katoni ija."

Anakhuthula nsapato zanga zonse pakati pa balaza. Zakuda za kuofesi, zofiirira za kutchalitchi, majombo a kuthengo, ngakhale zoyendera m'nyumba. Anazitembenuza imodziimodzi n'kumandipatsa. Palilime, pamene pamakhala nambala, panali popalidwa bwinobwino. Pansi, pamene amadinda nambala pamphira, panali kachigamba kosalala. Zonse. Ndinali ndikuziona zipserazo kwa zaka, n'kumayesa ndi mmene amapangira nsapato masiku ano.

"Tinkapita tonse," anatero mlamu, akupukuta maso ndi mpango. "Achemwali ankagula naini, kenaka teni. Tikatuluka ankakhala pabenchi panja pa sitolo, n'kutulutsa lezala m'chikwama. Anthu ankatiyang'ana ngati taba. Tsiku lina ndinatopa nazo, ndinati, achemwali, bwanji osangowauza kuti mapazi awo aphwasuka ngati a bakha? Mukudziwa anandiyankha chiyani?"

Sindinafunse. Ananena yekha.

"Anati, 'Munthuyu sanyadira kanthu. Sukulu sanyadira, nyumba sanyadira. Kamodzi kokha kamene amayenda nako monyada ndi ka eyiti kakeko. Ndimulande?'"

Ine ndinali ndi nsapato yofiirira m'manja, chala changa chili pachipsera paja. Anapala mosamala kwambiri, osaboola chikopa. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali ndithu, ndipo tsiku limenelo kunalibe mankhwala a Wa Matayala oti ndiwanamizire.

Mlamu anadzuka pansi paja. "Imani apa, a mapazi aulemu." Anang'amba chivundikiro cha katoni, anandiimika pamenepo, mwana wanga n'kugwada ndi cholembera kuzunguliza phazi. Chibowo cha sokosi anachiona onse awiri, ndipo mlamu anati chala chimenecho chakhala chikuyesa kuthawa kuti chikanene zoona. Ndinatulutsa tepi yanga. Ndinayeza kawiri, monga mwa ntchito.

"Zatuluka bwanji, bwana woyeza?"

"Malire anasuntha," ndinatero.

Mwana wanga anakhala pansi pakati pa nsapatozo. "Ndiye kuti simukudwala."

"Ayi."

"Koma munagwa. Pangano linati mukagwa."

"Linati pa mpikisano. Kuja kunali kuyeserera. Chikhomo chili pa tsiku la mpikisano, mwana wanga, ndipo chikhomo sasuntha ndi maso."

"Wakugwira pamenepo," anatero mlamu. "Bambo ako phazi lawo salidziwa, koma za malire usalimbane nawo."

Anaganiza monga amaganizira akamapereka ngongole kwa munthu wokayikitsa. "Makatoni sindimasula. Akhala m'khonde momwemu mpaka tsikulo."

Anakhaladi. Ndinkawalambalala m'mawa uliwonse popita kukathamanga, malaya ndikutulutsa limodzilimodzi ngati mlendo m'nyumba yanga yomwe.

Ndinabwerera kusitolo kuja ndi masokosi atsopano, madzulo, mapazi atatupa kale ndi kuyenda kwa tsiku, chifukwa phazi la m'mawa ndi labodza. Ndinavula ndekha asanandiuze. Ndinasankha zosiya mpata wa chala chamanthu kutsogolo, zotakasuka m'mbali. Mayi uja anali pafoni yomwe ija. "Zimatanuka," anatero. Ndinati zikomo, izi zisavutike.

Chubu ndinabweza kwa mwini wake. Zingwe ndinayamba kumanga ngati ndikupereka moni, osati ngati ndagwira wakuba. Inu, tsiku loyamba kuthamanga nazo ndinamva kamwala kalikonse ka mumsewu. Ndinamva chidendene chikuwawa, ndinamva thuza likubadwa pachala. Ndinafika kunyumba ndikutsimphina, wosangalala ngati mwana. A Kochi atandifunsa kuti zikuyenda bwanji ndinati, "Zikupweteka." Wenzulo inawagwa pakamwa.

Za mpikisano weniweniwo sindikunamizani. Ndinali womaliza. Amene anapambana anali atasamba, atadya, mwina atafika kale kwawo. Pamene ndinkatulukira pakona yomaliza, anthu ankapinda matebulo, chinsalu cha pomalizira atachitsitsa kale. Koma mlamu wanga ndi mwana wanga anaima pamzere paja atatambasula mpango wa mlamu, wina uku wina uku, ndipo mlamu ankakuwa kuti bwalo lonse limve.

"Cheukani, alamu! Chipewa chikubwera!"

Sindinacheuke. Ndinadutsa pampango paja ndi miyendo yanga, mapazi onse awiri ndikuwamva, ndipo ankanena zinthu zimene sindingabwereze pano.

Mwana wanga anandipatsa madzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ake ngati a mayi ake akamafuna kukalipa koma mtima ukukana.

"Makatoni mukamasule nokha," anatero. "Koma Lamulungu lililonse mukudya kwathu. Ndipo mabatire achoke m'furiji."

Ndinavomera zonse ziwiri. Chiwongoladzanja chake chinali chimenecho.

Ndiye achimwene, a Kochi ndi awo akubwera apo. Masulani pang'ono, lowetsani chala pansi pa chingwe, chikakana kulowa ndiye kuti mwamanga mbuzi. Gwedezani zala. Zikuyenda? Eya. Ndipo phazi likayamba kukhala chete musalisiye, lifunseni, chifukwa wokhala chete si kuti alibe mawu.

Zangazi? Tengani muone, n'zopepuka. Ayi, musavutike kupinda lilimelo, simupezapo kanthu. Panja pa sitolo paja pali benchi, ndipo lezala ndinalipeza m'chikwama cha malemu mayi a kunyumba, m'kathumba kam'mbali, lokulungidwa bwino m'pepala. Dzanja langa silinafike pa lawo, ndinaboola pang'ono apa.

Saizi yake? Eyiti, achimwene. Ine ndimavala eyiti.